Kakalavani konga dontho la msozi: kamakomera amene ali ndi kwawo kobwerera

Pa tchuthi chapitachi ine ndi anzanga atatu a m'kalasi tinasonkherana tindalama n'kupita ku Cape Maclear. Tenti tinabwereka kwa msuweni wa mnzathu wina, ndipo titafika m'pamene tinazindikira kuti zipi yake inafa kalekale komanso zikhomo ziwiri zinasowa. Dzuwa likulowa chakumbali ya chilumba cha Thumbi, ife tinali tikukanganabe kuti chitsulo chiti chilowa pati. Nthawi yomweyo panafika galimoto ya nambala ya ku South Africa ikukoka kanthu kooneka ngati dzira lalikulu la aluminiyamu. M'galimotomo munatsika bambo ndi mayi achikulire, imvi zili mbuu. Bambo aja anatsekera matayala ndi timatabwa, mayi aja anatukula chitseko chakumbuyo kwa kanthu kaja, ndipo tisanaimike n'komwe ngodya yachiwiri ya tenti yathu, iwo anali atayamba kale kumwa tiyi.

Ndivomere, ndinachita nsanje. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za timakalavani timeneti ngati kuti mawa ndikagula, chonsecho ndalama ya lendi ya mwezi uno sindinaimalize. Pano ndikufuna ndikuuzeni pamene maganizo anga afika. Kakalavani kameneka n'kabwino kwambiri pa ntchito imene kanapangidwira, koma kukoma kwake kumatsamira pa zinthu zimene otsatsa malonda satchula: msewu wabwino, chimbudzi cha munthu wina, ndiponso nyumba yeniyeni imene ikukudikira ukatopa.

Kodi kwenikweni n'kachiyani?

Pa Chingerezi amakatcha teardrop, kutanthauza dontho la msozi. Ukakaona chammbali dzinalo limamveka: kutsogolo n'kobulungira ndi kotukuka, kenako kamanka katsetsereka mpaka kumbuyo, ngati msozi umene wagona chammbali. Kali ndi matayala awiri okha. Mkati mulibe china chilichonse chachikulu kupatula matiresi a anthu awiri ndi timashelefu. Kumbuyo kuli chitseko chotukula m'mwamba ngati buti ya galimoto, ndipo kunsi kwake ndi kumene kuli khitchini: chitofu cha gasi, kabati ya mbale, chigubu cha madzi, pena ndi kafiriji. Wophika amaima panja.

Kwawo kwenikweni kwa timakalavani timeneti ndi ku America. Tinayamba kutchuka m'zaka za m'ma 1930, dziko lija lili pa mavuto aakulu a zachuma amene anayamba mu 1929. Magazini a anthu okonda kupala matabwa ankasindikiza mapulani kuti munthu adzipangire yekha kuseri kwa nyumba. Mu 1939 magazini ya Popular Homecraft inasindikiza mapulani a kamene Louis Rogers wa ku Pasadena, California, anapanga kuti ayendere ndi mkazi wake atangokwatirana, ndipo mu 1947 Mechanix Illustrated inasindikizanso ena. Toyambirira tambiri tinali mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali. Muyeso umenewu sunachokere ku nzeru zozama: ndiwo kukula kwa thabwa limodzi la pulayiwudi, ndiye mmisiri sankavutika n'kulumikiza. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anthu ankapangira aluminiyamu wotsala ku ndege zankhondo, ena n'kuikako matayala a magalimoto a Jeep. Pamene Amereka analemera n'kuyamba kugula magalimoto amphamvu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anasamukira ku makalavani aakulu ndipo tating'onoti tinaiwalika. Tinadzukanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mapulani akale aja atayamba kufalikira pa intaneti.

Mbiri imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku. Kanthu kamene lero ndi chizindikiro cha anthu opeza bwino kanabadwira m'kusowa.

Zimene kandikopa

Choyamba n'chimene ndinachiona ndi maso: sikachedwetsa. Aliyense amene anamangapo tenti mumdima, njala ili m'mimba, akudziwa kuti ubwenzi ukhoza kuthera pomwepo. Mwini kakalavani akafika amangoimika pamalo athyathyathya, basi wamaliza. Bedi amayala kunyumba asananyamuke. Mmawa sadikira kuti mame aume pa tenti asanapinde. Pa ulendo wogona malo osiyana usiku uliwonse, ola limene umapulumutsa madzulo ndi lina la mmawa ndi nthawi yambiri.

Chachiwiri ndi tulo. Munthu sagona pansi. Mvula ikagwa usiku madzi amadutsa kunsi, linthumbu likabwera limapeza matayala okha ndi kamwendo kakutsogolo. Makoma ndi olimba ndipo chitseko chimakiyidwa. Mnzathu wamkazi amene tinali naye ananena kuti chimene anasirira kwambiri si matiresi ayi, koma loko. Kwa mtsikana woyenda yekha, kusiyana kwa nsalu ya tenti ndi chitseko chokiya n'kusiyana kwa kugona ndi kuchezera usiku wonse kumvetsera mapazi.

Chachitatu ndi kupepuka. Tambiri mwa tating'ono sitipitirira makilogalamu 450, choncho sitifuna chigalimoto champhamvu. Galimoto wamba yokhala ndi chokolekera kumbuyo imakoka, malinga ngati opanga galimotoyo amalola kulemera kumeneko. Chifukwa n'kafupi msinkhu, kamabisala kuseri kwa galimoto ndipo mphepo sikamenya ngati momwe imamenyera kalavani yaikulu, ndiye mafuta owonjezera sakhala ambiri. Ukafika umakamasula, galimoto n'kukhala yomasuka kupita kumsika. Anthu awiri akhoza kukakankha ndi manja kuti kayang'ane kumene akufuna.

Chachinayi, chimene ine ndikuchiona chachikulu, n'chakuti kamakutulutsa panja. Mu kalavani yaikulu muli mipando, tebulo, TV ndi bafa, moti munthu akhoza kuyenda makilomita 2,000 n'kukatsekeredwabe m'chipinda chochezera chofanana ndi chimene wasiya kwawo. M'kadontho ka msozi mulibe pokhala. Ukadzuka, moyo wonse uli pabwalo: kuphika, kudya, kucheza. Mayi aja anatiitana kuti tidzaone mkati, ndipo zinatheka chifukwa ankaphika poyera, ife n'kumva fungo la anyezi. Akanakhala kuseri kwa makatani sitikanapatsana ngakhale moni.

Koma walira mvula walira matope

Mmawa wa tsiku lachiwiri ndinaona bambo aja akutuluka. Anayamba kutulutsa miyendo, kenako anagwira denga, kenako anadzikoka pang'onopang'ono, n'kuima kanthawi atagwira m'chiuno. M'kakalavani kameneka munthu saimirira. Thalauza umavala utagona chagada ngati khanda. Kwa ife a zaka za m'ma 20 zimenezi n'zoseketsa, koma kwa munthu wa nyamakazi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ndipo amene ali ndi ndalama komanso nthawi yoyendera chonchi kawirikawiri ndi opuma pantchito, omwewo amene mawondo awo sakondanso kukwawa.

Vuto lachiwiri ndi chimbudzi. Tambiri tilibe chimbudzi kapena bafa. Mkodzo ukakugwira 2 koloko usiku, uyenera kudumpha mnzako, kufufuza tochi ndi nsapato, n'kuyenda mumdima. Izi zikutanthauza kuti ufulu umene amautama, woti ukhoza kugona paliponse, ndi wongoyankhula. Umagona pamene wina anamanga kale chimbudzi ndi mpope. Popanda zimenezo uyamba kuipitsa tchire la eni ake, kapena choipitsitsa, m'mbali mwa nyanja imene anthu amatungamo madzi.

Lachitatu ndi nyengo. Khitchini yapanja imakoma kukacha bwino. Mvula ya mu Januwale ikabwera ndi mphepo, chitseko chotukula chija chimangoteteza mutu, nsana wonse ukunyowa. Ikagwa masiku atatu osakata, anthu awiri amatsekeredwa m'bokosi lokula ngati bedi, zovala zonyowa zili pomwepo. Kutentha nakonso kuli ndi zake. Taganizani kugona m'bokosi lokutidwa ndi chitsulo ku Mangochi kapena ku Chikwawa mu Okotobala. Popanda fani ya padenga ndi batire yoiyendetsa, imeneyo ndi uvuni. Kukazizira, monga ku Nyika mu Juni, mpweya umene anthu awiri amapuma umasanduka madzi pamakoma, ndipo ngati mawindo atsekedwa onse matiresi amayamba nkhungu. Apa pali ngozi imene ife ozolowera mbaula tiyenera kuimvetsa: kulowetsa makala oyaka kapena chitofu m'kachipinda kotsekeka chonchi n'kudzipha. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide umene ulibe fungo, ndipo munthu amangogona osadzukanso.

Lachinayi ndi msewu. Kukoka ngolo iliyonse kumafuna luso. Ngolo yaifupi ndiyo yovuta kwambiri pobwerera chammbuyo chifukwa imakhota msanga, ukangolakwitsa chiwongolero pang'ono yapindikira kumbali ya galimoto. Katundu akachuluka kumbuyo kwa matayala, ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku pa liwiro, n'chifukwa chake odziwa amati pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse lizitsamira pa chokolekera. Onjezani apo maenje. Timakalavani toyambirira tinapangidwira misewu ya ku America. Tayala laling'ono likagwa m'dzenje lakuya, mbale zimasweka, zomangira zimamasuka, ndipo molumikizira denga mumayamba kulowa madzi. Alipo topangidwira misewu yoipa, ta matayala akuluakulu ndi masipuling'i olimba, ndipo kamene ndinaona kanali kotero. Koma kakalimba kamalemera, kakalemera kamafuna galimoto yaikulu, ndipo phindu la kupepuka lija latha.

Lachisanu ndi mtengo. Kanthu kamene kanayamba ngati njira ya wosauka yopitira kutchuthi lero kamagulitsidwa, kakakhala katsopano ka ku fakitale, pa mtengo wofanana ndi wa galimoto. Ukawonjezera kulembetsa, inshulansi, matayala ndi malo osungira, ndiye n'kukumbukira kuti pa chaka kagwira ntchito milungu iwiri kapena itatu, masamu ake sakoma. Tenti yabwino imachita zambiri mwa zomwezo pa kachigawo kakang'ono ka ndalamazo. Ndipo banja likangokhala ndi ana awiri, kakalavani ka anthu awiri kasanduka kosakwanira.

Funso la mlonda

Zonsezi ndi za zitsulo ndi matabwa. Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi mawu a mlonda wa pamalo pamene tinagona, bambo wachikulire amene tinkaotha naye moto. Anayang'ana kakalavani kaja nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Mwana wanga, iwe wapita kusukulu, tandiuza. Anthuwa kwawo alibe nyumba?"

Ndinayankha kuti, "Ali nayo bambo, mwinanso yaikulu kuposa zonse za m'mudzi muno."

Anaseka n'kunena kuti, "Ndiye asiya nyumba kudzagona m'khola la nkhunda? Ine ndikanakhala ndi ndalama zawozo, bwenzi ndikufolera malata."

Tinaseka tonse, koma usiku umenewo funsolo linandikhala. Ine ku Zomba ndimachita lendi ku Chikanda, m'kachipinda kamene timagonamo awiri. Mabuku ali pansi pa bedi, mbaula ili pakhonde, chimbudzi chili panja ndipo timagawana ndi anthu a zitseko zina zisanu. Mvula ikagwa timaphika titapanikizana pakhomo. Mukaonetsetsa, ndimakhala kale m'kadontho ka msozi, kungoti kanga kalibe matayala. Palibe amene anabwerapo kudzajambula chipinda changa n'kulemba pa Instagram kuti umenewu ndi moyo wosalira zambiri. Nanga n'chifukwa chiyani kupanikizika komweko kumaoneka kokongola kukakhala kumbuyo kwa galimoto?

Yankho langa ndi lakuti kusiyana kuli pa kusankha. Banja lija likatopa ndi kukwawa lidzabwerera kunyumba ya bafa la madzi otentha. Kuchepekedwa kwawo kuli ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo amalemba okha. Munthu akasala kudya mwa kufuna kwake timati akupemphera, koma amene wagona ndi njala chifukwa ufa watha sitimuyamikira kudziletsa. Nawonso Amereka ali ndi mbali ziwirizi. Buku la Jessica Bruder lotchedwa Nomadland, la mu 2017, limene filimu yake inatuluka mu 2020, likufotokoza za achikulire amene anayamba kukhala m'magalimoto ndi m'makalavani chuma chitasokonekera mu 2008, akuyendayenda kufuna maganyu. Pa chithunzi, iwo ndi oyenda kutchuthi amaoneka ofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti ena ali ndi kiyi wa nyumba m'thumba.

Pali chinanso. Mayi aja anatiuza kuti anadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kulowera pa Mwanza. Umenewu ndi msewu womwewo umene abale athu amadzera popita ku Joni. Magalimoto obwera ndi a ku Joni nawonso amakoka ngolo, zodzaza mafiriji, mabulangete, njinga ndi zikwama zamizeremizere. Ngolo ziwiri pa msewu umodzi: ina yanyamula bedi la munthu amene akuthawa kutopa ndi chuma, ina yanyamula thukuta la munthu amene anathawa umphawi. Sindikunena izi kuti ndiwaimbe mlandu akuluakulu aja. Anali anthu aulemu, ndipo anatibwereka nyundo yokhomera zikhomo zathu. Ndikungoti tikamamva mawu akuti ufulu wa pamsewu, tizifunsa kuti ndi ufulu wa yani.

Nanga eni mudzi apindulanji?

Funso lomaliza ndi la ndalama zimene mlendo amasiya. Mlendo wogona m'chipinda cha loji amalipira chipinda, amadya chakudya chophikidwa ndi munthu wa pamalopo, ndipo zofunda zake amachapa ndi wina amene amalandira malipiro. Mlendo wa kakalavani wanyamula bedi lake, khitchini yake, pena ngakhale chakudya cha m'zitini chimene anagula kwawo. Amalipira malo oimikapo basi. Ku Cape Maclear, kumene mudzi wa Chembe uli mkati mwa Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, mabanja ambiri amadalira nsomba ndi alendo. Mlendo wodzidalira pa chilichonse akhoza kudutsa pamenepo ngati mthunzi.

Wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Woyenda chonchi amakhalitsa, chifukwa kugona sikumudyera ndalama zambiri. Amafika kumalo kumene kulibe mahotela. Popeza ali ndi khitchini koma alibe firiji yaikulu, amakakamizika kugula zatsopano pafupipafupi. Ndinaona ndi maso anga mayi aja akugula tomato ndi nthochi kwa amayi a pamsika, ndipo bambo aja anagula kampango kwa msodzi, n'kulipira mnyamata wa boti kuti akawaonetse mbuna ku Thumbi. Ndalama zimenezo zinalowa m'manja mwa anthu mwachindunji, osadzera pa kauntala ya wina aliyense. Ndiye vuto si kakalavani. Vuto ndi mtima wa amene akukakoka. Kakhoza kukhala chigoba cha kamba chobisalamo, kakhozanso kukhala khonde lochezerapo.

Ndiye ndingagule?

Lero ayi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Koma ngakhale nditayamba ntchito, sindikuona nzeru yogula ka ku fakitale ya kunja, kulipira msonkho wolowetsera m'dziko, n'kukaimika pabwalo miyezi 11 pa chaka. Chimene chimandikopa ndi mbiri ija ndinati muisunge. Kanthuka kanayamba ndi munthu wamba, thabwa la pulayiwudi ndi zitsulo zotsala. Amisiri a ku Ndirande amene amawotcherera ngolo ndi mageti, ndi akalipentala amene amapanga makabati m'mbali mwa misewu yathu, sangalephere kupanga bokosi la mamita 2.4 lokhala pa matayala awiri. Chovuta n'kuonetsetsa kuti chimango, chokolekera ndi magetsi akumbuyo n'zotetezeka ndipo zavomerezedwa kuyenda pamsewu. Kotere, kobwereketsa kwa mabanja pa sabata m'malo moti aliyense agule kake, kangathandize Amalawi ambiri kuona Nyika, Liwonde kapena Nkhata Bay, malo amene timawaphunzira m'kalasi koma ambirife sitinapondeko chifukwa mtengo wa chipinda umatibweza.

Kwa amene akuganiza zogula, malangizo anga ndi a munthu amene anangosuzumiramo, koma ndi awa. Ngati muli awiri, matupi anu akadali omvera, mumakonda kukhala panja ndipo mumasintha malo pafupipafupi, kadzakusangalatsani. Ngati muli ndi ana, msana umavuta, kapena simupirira kuyenda mumdima kufuna chimbudzi, musanyengeke ndi zithunzi. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Bwerekani kaye, mugonemo usiku wa mvula, kenako muweruze.

Tsiku lonyamuka, akuluakulu aja anatseka chitseko chakumbuyo, anakoleka kakalavani kawo, ndipo m'mphindi zochepa anali atapita. Ife tinatha ola lathunthu tikukutumula mchenga m'tenti ndi kuyesa kuibweza m'chikwama chimene inatulukamo. Mlonda uja anabwera kudzatithandiza kupinda. Pamene ankamanga chingwe anandiuza kuti, "Ukadzalemera, mwana wanga, uyambe wamanga nyumba. Kakhola kako ka nkhundako udzagule pambuyo." Ndawerenga zambiri kuchokera tsiku limenelo, ndipo sindinapezebe chifukwa chowatsutsira.